Madzi Opirikitsa Udzu

Lolemba m'mawa, ndisanavale n'komwe nsapato zopitira ku shikola, alamu anga a Mbewe anafika pakhomo atapanira tambala kukhwapa. M'dzanja linalo munali chinthu chokulunga m'kazako yawo yakuda, jekete ija amavala popita ku Misa.

Munthu akalawirira kwanu ndi tambala, ndiye kuti wadzapepesa kapena wadzapempha. A Mbewe sanapepesepo munthu chibadwire. Ndiye ndinangowapatsa mpando n'kudikira.

Ndiyambe ndawafotokoza. A Mbewe ndi mlongo wake wamkulu wa mkazi wanga, Nambewe. Ine kuno ku Lifidzi ndine mkamwini. Nyumba ndinamanga ndine, koma pamene yaimapo ndi pawo. Kudimba ndimalima ndine, koma woloza malire ndi iwo. Akamwini anzanga amene mukuwerenga mukudziwa kuti munthu wotere akakhosomola, iwe umayankha kuti zikomo.

Anamasula kazako ija pang'onopang'ono, akuyang'ana uku ndi uku. Munatuluka galafa, botolo la vinyo lopanda kanthu, lotsukidwa bwino, lotseka ndi chitsononkho.

"Alamu, tisachite kuzungulira," anatero motsitsa mawu. "Ndadzera kamankhwala kaja."

"Mankhwala ati, alamu?"

"A mbewu. Opirikitsa udzu aja."

Kuti mulimvetse pempho limeneli, ndikubwezeni m'mbuyo pang'ono.

Mpunga kuno kumapiri ndi mlendo. Ife zathu ndi chimanga, nyemba ndi kachewere. Koma ine ntchito yophunzitsa ndinayambira kumunsi, kufupi ndi Zambezi, kumene mwana amadziwa kuzulira mpunga asanadziwe kulemba dzina lake. Pobwera kuno ndinatengako kambewu. Dimba lathu lili ndi mbali ina imene madzi amaima dzinja lonse, moti chimanga ukadzalapo chimangochita chikasu. Pamenepo ndi pamene ndimafesa mpunga. Ndikakolola, chisanu chikapita, ndimadzalapo nyemba pachinyontho chotsalacho. Mvula ikabwera, mpunga ubwereranso. Kusinthanitsa kotereku kumasokoneza udzu: wokonda madzi timaupha polimira nyemba, wokonda pouma umamira m'dzinja.

Chaka chatha alamu anadya mpunga kwathu pa ubatizo wa mwana wathu Rozina. Anawonjezera mpaka mphika unayamba kulira ndi kupala. Atasamba m'manja anapempha mbewu. Dimba lawo lagundana ndi lathu, pakati pali kamzere kadothi kokha, ndiye ndinaona kuti n'zabwino, tizipirikitsa mbalame limodzi. Ndinawapatsa ya m'dengu lomwe ndimatengamo ine. Ndinawauzanso zimene ndinaphunzira kumunsi: viikani mbewuyo m'madzi madzulo, m'mawa muitsanule, muiyanike pamthunzi kuti ingouma kunja kokha, n'kufesa tsiku lomwelo panthaka yonyowa.

Anaseka mpaka kupukuta misozi.

"Alamu, kwathu kuno chinthu chikalowa m'madzi ndiye kuti chikupita pamoto. Mukufuna ndikafese chakudya?"

Chinsinsi chake, ngati tingachitche chinsinsi, ndi ichi. M'munda mumakhala mpikisano wa kudzuka. Njere za udzu zimagona m'nthaka momwemo chaka chonse, kudikira mvula. Mpunga wouma ukafika, uyambe kaye wamwa madzi, ufufume, uganizeganize, pamene udzu wadzuka kale, wasamba kumaso, wakhala pampando. Koma mpunga woviika umalowa m'nthaka uli maso. Umatuluka msanga, umatulukira pamodzi, n'kuphimba pansi udzu usanapeze poponda. Basi. Palibenso china.

Tinafesa tsiku limodzi. Wathu unamera wobiriwira, wolingana bwino. Ine ndi Nambewe tinazulira udzu ukadali wanthete, ntchito yosavuta. Wa alamu unamera mochedwa, apa ulipo, apa palibe, ndipo unamera limodzi ndi dawe, khovani ndi kapinga. Nthawi yozulira itakwana, eni ake anali panjinga. Ntchito yawo yapamtima ndi kunyamula katundu wa amalonda kupita naye kumalire ku Kalomwe, ndipo amati khasu limawayambitsa chifuwa pamene njinga imawatsegula m'mapapo. Kudimba kunkapita akazi awo, a Nangozo, okha, mwana ali kumbuyo.

Pofika miyezi ya njala, aliyense wodutsa kumadimba ankaima. Mbali ino mpunga. Mbali iyo thengo loti mungabisemo mbuzi, mwini wake n'kulira maliro. Ndipo udzuwo unkafika pakamzere kaja n'kuima, ngati wachita kuuzidwa.

Mlandu wanga unayambira pamenepo. Udzu umadziwa bwanji malire? Funso limeneli linazungulira mudzi wonse, ndipo pobwera linabwera ndi yankho lake: mkamwini wa kwa a Mbewe anakhwimira kumunsi, amasonkhanitsa udzu wa m'dimba mwake n'kuupirikitsira kwa mnzake.

Poyamba ndinkaseka. Ndinasiya kuseka nditaona kuti Lamulungu m'tchalitchi malo oyandikana ndi Nambewe akumatsala opanda munthu. Tsiku lina ndinakumana panjira ndi mayi wina amene mwana wake ndimamuphunzitsa. Mayiyo anayamba waphimba dengu lake la mbewu ndi nsalu, kenaka n'kundipatsa moni waulemu kwambiri.

Ndiye tsopano mpunga tinakolola kalekale, chisanu chapita, ino ndi nthawi yodzala nyemba m'madimba. N'chifukwa chake Lolemba kunabwera tambala.

"Alamu, palibe mankhwala," ndinatero. "Ndi madzi. Ndinakuuzani chaka chatha."

"Chaka chatha munandiuza zouza anthu. Lero ndiuzeni zouza abale."

"Madzi a pachitsime, alamu. Omwe mumamwa inu."

Anagwedeza mutu modekha, ngati munthu wodziwa kuti malonda aliwonse amayamba ndi kukana.

"Tambalayu wachepa? Kukhola kuli kamwana ka mbuzi."

"Ngakhale mutakoka ng'ombe, chimene ndingakupatseni ndi madzi."

"Ndikumvetsa. Ndinu apulofesoli, munthu wa kutchalitchi, simungavomere dzuwa likuwala. Koma ine sindikauza akatekisita. Inenso ndine wobatizidwa."

Ndinawauza kuti ndingathe kunena mawu omwewo nditagwira buku la mapemphero. Anati ndi mmene amachitira onse odziwa zinthu. Kenaka nkhope yawo inasintha. Anayamba kukulunganso galafa lija m'kazako, mosafulumira.

"Chabwino. Munthu timulandire, timupatse mlongo wathu, timulozere polima, iye atithire udzu, kenaka atimanenso mankhwala ake. Dimba lija ndi la mbumba yathu, alamu. Mwina lafuna kupuma manja achilendo."

Apa nthabwala zinatha. M'dimba limenelo ndi mmene mumachokera ndiwo za ana anga chilimwe chonse. Akuluakulu anati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Anaiwala kuwonjezera kuti nthawi zina amachita kumukankha.

Nthawi yonseyi Nambewe anali pakhonde akupeta nyemba, akumva zonse. Anaika lichero pansi.

"Achimwene, bweretsani galafalo. Bambowa mukungowavutitsa. Madzi a mbewu pakhomo pano amatunga ndine."

Maso a alamu anawala. Anandiyang'ana ine ngati munthu amene wakhala akugogoda pakhomo lolakwika. Nambewe anazungulira kuseri kwa nyumba, kumene kumakhala mtsuko wathu wa madzi akumwa, ndipo tinamva galafa likulira podzaza. Pobwera nalo, pamwamba pa madziwo pankayandama katsamba ka gwafa.

Anakhala pansi pafupi ndi achimwene akewo n'kutsitsa mawu kuposa mmene anatsitsira iwo.

"Mumvetsetse, chifukwa mukalakwitsa musadzabwere kuno. Muthire awa mumphika, muwonjezere a pachitsime mpaka nyemba zimire. Nyemba si mpunga, sizigona m'madzi. Muviike m'mawa, dzuwa likafika paliwombo mutsanule. Muyanike pamthunzi, mudzale tsiku lomwelo. Koma musanadzale, m'dimbamo musatsale muzu wa kapinga ngakhale umodzi. Ndipo muzule ndi manja anu, osati a alamu anga a Nangozo."

"Nanga choletsa chake?" anafunsa a Mbewe. Pajatu mankhwala opanda choletsa si mankhwala.

Nambewe sanaphethire.

"Njinga. Musakwere njinga mpaka nyembazo mutazipalira koyamba. Mukangokwera, udzu wonse ubwerera, ndi wa eni ake womwe."

Alamu anayang'ana galafa, anayang'ana njira ya ku Kalomwe, anayang'ananso galafa. Kenaka anapereka tambala uja ndi manja awiri, kwa mlongo wawo, osati kwa ine. Za dimba sanatchulenso.

Atangokhota kuseri kwa nkhokwe ndinatembenuka.

"Amake Rozina, mwachita chiyani? Mwanamiza munthu."

"Ndanama pati? Ndati madzi a mbewu amatunga ndine. Amatunga ndani?"

"Nanga tsamba lija?"

"Mtsuko uli pansi pa mtengo wa gwafa. Mumafuna mugwere tsamba la mlombwa?"

"Nanga za njinga?"

"Akakwera njinga udzu subwerera? Chaka chatha unatani?"

Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Ndinapita ku shikola n'kukaphunzitsa ana a eni malamulo khumi, lachisanu ndi chitatu lomwe. Tambala uja tinamudya tsiku lomwelo. Ndisabise, anali wonona.

Ndinkayesa nkhani yathera pomwepo. Koma kuwasungitsa alamu chinsinsi kuli ngati kutungira madzi m'dengu.

Lachitatu pochokera ku shikola ndinapeza pakhomo pali anthu ngati pali chinkhoswe. Ena anali ndi zipanda, ena magalafa, ena miphika. Mayi uja anaphimba dengu anali patsogolo penipeni, dengu lomwelo lili pambali pake, losaphimba. Nambewe anali atadzitsekera m'nyumba, akuti mutu. Anali ataona kuti kamoto kamene anayatsa kuti aphikire munthu mmodzi kagwira tchire.

Ndinaima pakhonde ngati ndili kutsogolo kwa ana, n'kufotokoza zonse kuyambira pachiyambi: madzi wamba, nthawi yoviika, kuyanika pamthunzi, kudzala ponyowa, kupalira udzu ukadali waung'ono. Anamvetsera mwaulemu. Ena ankavomereza ndi mutu. Nditamaliza palibe anadzuka.

"Tamva, apulofesoli," anatero mayi wa dengu uja. "Mwafotokoza bwino kwambiri. Tikudikira mayi."

Pamenepo n'kuti alamu atayamba kale ntchito yachifundo. Anzawo a njinga ataona kuti sakuoneka pamsewu, anabwera kudzawazonda, poganiza kuti akudwala. Anawapeza ali chogwada m'dimba, akulimbana ndi mizu ya kapinga. Munthu wotere sungamusiye osamufunsa chamugwera. Ndiye a Mbewe anaulula, mwachinsinsi, kwa aliyense payekhapayekha. Madzi anatsala m'galafa aja anawadzazanso ndi a pachitsime n'kuwagawira anzawowo. Awonso atafika kwawo anadzaza n'kugawira abale awo. Pofika Lachinayi, madzi a mumtsuko mwathu anali atawoloka malire pa Kalomwe opanda chiphaso, ndipo ndikumva kuti ku Dedza akuwatcha mankhwala a kwa Apwitikizi.

Lachisanu m'mawa kunabwera a Tomasi, mmodzi wa anzawo a njinga aja, atasenza mphika. Fungo linafika iwo asanafike. Atatula, ndinasuzumiramo: nyemba zinali zitaphulika, zikuchita thovu, zina zitasanduka phala.

"Apulofesoli, taonani. Mbewu yanga yonse."

"Munaviika liti?"

"Tsiku lomwe ndinalandira. Ndinaona kuti a Mbewe andipatsa osungunula, ndiye ndinati nyembazi zikhalitsemo kuti mphamvu ikwane."

"Osungunula ndi chiyani?"

"Ndi madzi."

"A Tomasi, aja ndi madzi. Alamu anga anasungunula madzi ndi madzi."

"N'chifukwa chake ndabwera kwa eni ake," anatero, "kuti ndipeze enieni."

Apa sindinaseke, ndipo inunso mungoseka pang'ono. Mbewu ya nyemba munthu amaisunga m'phulusa miyezi yambiri, akuikaniza ana ake pamene ndiwo zasowa. Imeneyo ndi imene inali kununkha pakhomo panga. Nambewe anatuluka, anayang'ana mumphikamo nthawi yaitali. Analowanso m'nyumba n'kutuluka ndi lichero la mbewu yathu, n'kuwakhuthulira a Tomasi m'thumba. Nkhope yake sinalinso ija ya Lolemba.

Ndinaganiza zoithetsa nkhaniyi poyera. Loweruka kulibe shikola, ndiye ndinaitanira onse ofuna mankhwala kumtsinje, kumunsi kwa madimba. Kunabwera anthu ambiri kuposa amene amabwera kudzakonza denga la shikola. Ndinauza a Tomasi kuti abwere ndi mphika wawo, autsuke okha, atunge okha madzi mumtsinjemo, athiremo okha nyemba. Ine ndinaima patali, manja kumbuyo, kuti wina asadzanene kuti ndinagwetseramo kanthu.

Tinakhala pansi pa mikuyu n'kumadikira. Munthu sunaone kuleza mtima ngati sunaone khamu la anthu akuluakulu likuyang'anira nyemba zikumwa madzi. Dzuwa litafika paliwombo a Tomasi anatsanula. Nyemba zinali zitafufuma bwino, khungu losalala, zokonzeka kulowa m'nthaka.

"Mwaona nonse," ndinatero. "Mphika wawo, manja awo, madzi a mumtsinje. Ine sindinakhudze kalikonse."

Ndinayamba kumva kukoma kwa chipambano. Kenaka bambo wina wachikulire anachotsa kaliwo pakamwa.

"Koma anaima kumtunda kwa madzi."

Anthu anayang'ana pamene ndinaima, anayang'ana kumene madzi akulowera, n'kuyamba kuvomereza ndi mitu.

"Ndipo milomo imagwedera," anawonjezera mayi wa dengu.

Zoona milomo imagwedera. Ndinkapempha Mulungu kuti andipatse mtima wodekha. Pobwerera, a Tomasi anandiperekeza mpaka pakhomo, akundinyengerera kuti ndiwauze mawuwo, ngakhale oyamba okha.

Tsono owerenga anga, tiyeni tifunsane. Chimatikaniza n'chiyani kukhulupirira chinthu chifukwa choti n'chophweka?

Si za nyemba zokha. Munthu akapita kuchipatala n'kuuzidwa kuti kapumuleni, muzimwa madzi owiritsa, amabwerako akudandaula kuti sanamuthandize, anangomuyang'ana. Koma akamubaya singano yoti abwere akutsimphina, ameneyo ndiye dotolo. Makolo amabwera kwa ine kudzafunsa, motsitsa mawu ngati alamu, ngati kuli kanthu kotsegula mutu wa mwana. Ndikawauza kuti kalipo, mwanayo azibwera ku shikola tsiku lililonse m'malo mopita kubusa, amandiyang'ana ngati ndawabisira. Tikufuna chinthu chowawa, chobisika, chochokera kutali, chokhala ndi choletsa. Chopezeka pachitsime n'cha ana.

Sindikunena kuti anthu athu ndi opusa. Malangizo aulere amene tinawazolowera amabwera ndi sipayi, wapolisi wa boma, kumbuyo kwake: limani apa, dzalani ichi, mizere iyang'ane uko. Ukamvera, umadzaona pokolola kuti amene amafuna kuthandizidwa sunali iwe. Ndiye munthu anaphunzira kuti chaulere chimakhala ndi mbedza m'kati. Akaona mnzake akumuuza poyera, mosabisa, chinthu chimene chamupindulira, amayamba kufunafuna pamene pali mbedzayo. Akaisowa, amaganiza kuti yabisika kwambiri.

Koma palinso chifukwa china, chimene sichikoma kumva. Ngati mpunga wanga unapambana chifukwa cha mankhwala, ndiye kuti thengo la m'dimba mwa alamu ndi mlandu wanga. Ngati unapambana chifukwa cha madzi wamba ndi kuwerama, ndiye kuti thengolo ndi mlandu wa mwini dimba. Inu mukanasankha kukhulupirira ziti? Mfiti ndi yothandiza pamudzi. Imasenza ulesi wa anthu ambiri popanda kudandaula.

Ndi maganizo amenewa ndinapita ku Misa dzulo nditatsimikiza mtima. Ndinati ndikangobwerako ndikawapeza alamu, ndikawauze maso ndi maso kuti m'galafa muja munalibe kanthu, choletsa chija kulibe, akwere njinga yawo. Za dimba, zikhale mmene zingakhalire. Dzina langa lada kale, mbewu ya munthu yaola, ndipo sindingapitirize kuphunzitsa ana choonadi m'mawa, masana n'kumadyera bodza. Nambewe ndinamuuza. Sanatsutse.

Ulendo wa kutchalitchi alamu anauyenda wapansi, zimene sizinaonekepo. Anali patsogolo pathu, akuponda ngati pansi pakutentha. Njinga yawo akuti anaipachika kudenga kuti isamawayang'ane. Podutsa kumadimba ndinasuzumira mwawo. Munali mosalala ngati pabwalo posesa, mizu ya kapinga itaunjikidwa pambali n'kutenthedwa, ndipo m'mizere nthaka inali itayamba kung'aluka, nyemba zikutulutsa makosi.

Pobwerera, a Nangozo anatipeza panjira. Anayenda nafe kanthawi akukamba za ulaliki, mpaka anthu ena atatsogola.

"Ndamva kuti mukufuna kukawamasula bambo a kwathu, apulofesoli."

"Choonadi ndi choonadi, mayi. Aja ndi madzi chabe."

"Ndikudziwa. Chitsime chathu n'chimodzi."

Ndinaima.

"Mumadziwa? Nanga bwanji simunawauze?"

"Ndiwauze chifukwa chiyani? Chikwatiwire sindinaonepo msana wa bambo aja utawerama m'dimba. Sabata ino ndauona. Ndi msana wabwino ndithu, umapinda ngati wa anthu ena onse."

Anatiuza kuti a Mbewe akumalawirira kudimba tambala asanatsike, akumakana kuti akazi awo agwireko ngakhale kaudzu kamodzi, poopa kuswa lamulo. Iwo akumangokhala pamthunzi, akuyamwitsa mwana, n'kumaloza pamene patsala. Dzana akuti anagona tulo masana, zimene anazichita komaliza ali mtsikana kwa amayi awo.

"Amayi ena aja mumawaona pakhomo panu ndi miphika," anapitiriza, "mukuyesa onse amadzera madzi? Madzi ali nawo kwawo. Ambiri amadzera choletsacho."

Kenaka anatembenukira kwa Nambewe.

"Alamu, ndimati ndifunse. Lamulo lija n'la nyemba zokha? Pajatu mvula ikubwera, mpunga udzafunanso wozulira."

Nambewe anayang'ana ine. Onse awiri anaima pakati pa njira n'kumandidikira.

Mawu ndinali nawo, okonzedwa bwino, ena ochokera m'buku loyera. Ndinatsegula pakamwa. Koma ndinaona kuti a Nangozo, poima paja, anali atagwira m'chiuno ndi dzanja limodzi, akusisita pang'onopang'ono, osadziwa n'komwe kuti akutero. Ndinayang'ana kutsogolo, kumene amayi ena anaima pamphambano akutsanzikana. Pafupifupi onse anali atagwira pomwepo.

Kwa alamu sindinapite dzulo. Ndidzapita, chifukwa bodza silisanduka choona ngakhale litalima munda, ndipo sindikufuna kuonanso mbewu ya munthu ikutayidwa kudzala. Koma ndikapita sindidzangonena za madzi zokha.

Amuna anzanga, a njinga ndi opanda njinga, a kumowa ndi a kubawo, ngakhale ife a choko m'manja: kodi ndi minda ingati kuno kwathu imene ikudikira kuti mwamuna ayambe waopsezedwa ndi mankhwala, kuti aone kuti mkazi wake nayenso ali ndi msana?